Mmene Ndinawapakira Milomo Amayi Anga

Ana inu mwandiseketsa lero. Chidzukireni mukulimbirana foni ya Yamikani, aliyense akufuna nkhope yake ituluke yakuda ndi yoyera, ati ndiye fashoni ya masiku ano. Fashoni! Ife kale tinkati kusowa. Munthu ankalakalaka kuti chitenje chake chidzaoneke pa chithunzi monga chilili, inu mwabadwira m'mitundu, ndiye mwayamba kuichotsa ndi chala. Tasenderani kuno, mubwere nalo lichero la mtedzalo, manja aziswa makutu akumva. Ndikuuzeni za zithunzi ziwiri zili pakhoma apo, pakuti ndaona mumangozidutsa ngati kalendala ya chaka chatha.

Ine ndinabadwira ku Vubwi, boma lisanafikeko, kuli mapiri okhaokha ndi tinjira ta anthu opita ku Malawi ndi ku Mozambique. M'nyumba mwathu tinalimo atsikana awiri, akulu anga a Esinati ndi ine Firida. Abambo anapita kumigodi ine ndili kumsana. Kunabwera makalata awiri, kenaka zii. Anatilera ndi amayi okha, ndipo amayi athu sanali munthu wosewera naye. Anali a chigwirizano enieni, oyamba kufika kutchalitchi, omaliza kutuluka, ndipo dzanja lawo linali lachangu kuposa pakamwa pawo. Unkamva khofi kaye, mlandu n'kuumva pambuyo.

Chaka china titakolola, m'mudzi munalowa mnyamata pa njinga, belu likulira ngati wabweretsa mchere. Kumbuyo anamangirira bokosi. Ameneyo ndiye ambuya anu aamuna, a Sakala, amene inu munawadziwa ali ndi dazi ndi ndodo. Nthawi imeneyo tsitsi linalipo, ndipo ankalipesa ndi mzere pambali. Ankayenda m'midzi kujambula anthu, kuchokera ku Katete mpaka kwathu, masiku awiri akupalasa, kamba wake chimanga chokazinga ndi mbatata zootcha. Kamera yawo sinali ngati izi mumabisa m'thumba. Linali bokosi lakuda la maso awiri, munthu ankaligwirira pamimba n'kumayang'anira pamwamba ngati akusuzumira mumtsuko. Filimu imodzi inkatenga zithunzi khumi ndi ziwiri basi. Choncho kunalibe zanu zija zoti "fufuta, ndatsinzina." Ukatsinzina unkakhala wotsinzina mpaka adzukulu ako adzakuone.

Amayi poyamba anakana. Anati nkhope yawo Mulungu akuidziwa kale, safunika kukumbutsidwa ndi pepala. Koma linali Lachinayi, akuchokera ku chigwirizano, ndipo anzawo onse anali atajambulitsa. Anakaima pakhoma la tchalitchi atavala yunifolomu yawo, mpango woyera kumutu, bulauzi yoyera, siketi yakuda, buku la nyimbo lili m'manja. A Sakala anawasuntha katatu.

"Amayi, tasenderani mumthunzi pang'ono. Dzuwa la masana limakumba maenje m'maso."

"Mnyamata iwe," anatero amayi, "wabwera kudzandijambula kapena kudzandigubitsa?"

Patatha mwezi mnyamata uja anabwera nacho chithunzi. Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Mphuno si yanga." Atatero anachilowetsa m'buku la nyimbo, ndipo chinakhala momwemo moyo wawo wonse. Patapita mwezi wina a Sakala anabweranso, opanda chithunzi cha munthu aliyense. Ati njinga inangokhota yokha. Masiku awiri njinga ikukhota yokha! Usaseke iwe Yamikani, yakonso idzakhota.

Titakwatirana anakhala chikamwini chaka chimodzi. Mizere imene ankalima m'munda mwa amayi inali yokhotakhota moti amayi anatopa nayo, n'kuvomera kuti anditenge ndikakhale kwawo munda usanatheretu. Ndimo tinafikira ku Katete kuno. Tinapeza kachipinda kuseri kwa shopu ya telala, pafupi ndi msewu waukulu wa ku Lusaka. Mbali ina inali yojambuliramo, kumbuyo kuli nsalu yojambulidwa nyumba yosanja imene palibe mmodzi wa ife anali ataionapo ndi maso. Mbali inayo inali ya mdima, zenera lotsekedwa ndi bulangete, kanyale kofiira, ndi mabeseni atatu a mankhwala onunkha mowawasa. Unkaviika pepala loyera m'beseni n'kumaligwedeza, nkhope n'kumatuluka pang'onopang'ono ngati munthu akuvuuka m'madzi. Tsiku loyamba kuziona ndinathawa, chitenje n'kutsala pachitseko.

Koma anthu ankadandaula. Mayi wagulitsa thonje lake, wagula chitenje cha maluwa ofiira, wayenda wapansi kuchokera ku Mkaika, chithunzi n'kutuluka ngati wavala phulusa. Ndiye a Sakala anakagula timabotolo ta utoto wa zithunzi ku Chipata. Iwo manja awo anali olemera, akati apake malaya ankapaka ndi khutu lomwe. Anga anali opepuka. Ntchito ya mitundu inakhala yanga. Zida zanga zinali kabulashi kamodzi, nthenga ya nkhunda, ndi thonje lokulunga pa kamtengo ka machesi.

Ha, tinanama ana inu, Mulungu atikhululukire. Tinali ndi jekete limodzi lobwereketsa kwa ofuna kujambulitsa. Jekete limenelo linafunsira akazi ambiri kuposa mwamuna aliyense mu Katete muno. Lolemba linkakhala labuluu, Lachiwiri lofiirira, malinga ndi utoto umene unalipo. Bambo wina wa ku Sinda anandipempha kuti ndimujambulire wotchi padzanja. Ndinajambula yokongola, ya lamba wachikasu. Mawa lake anabwera nacho chithunzi, ati wotchi ikuonetsa folo koloko, apongozi ake aziti amaweruka msanga pantchito. Munthu wake analibe ndi ntchito yomwe.

Dzina langa linamveka. Ankati "Amayi Sakala a mitundu." Aphunzitsi, akulu a mpingo, amalonda, onse ankafuna dzanja langa. Ndipo dzina likamveka, mutu umakula mwini wake osamva kulemera. Ndinayamba kuona ngati chinthu chimene sindinachikhudze ine n'chosamalizidwa.

Amayi anadwala miyezi isanu. Anawadwazika ndi a Esinati, amene anatsala pamudzi ndi banja lawo. Ine ndinapitako kamodzi, ndinagona masiku atatu, n'kubwerera, ati ntchito yachuluka, inali nyengo ya maukwati. Ndinkati ndidzapitanso mvula ikadula. Amayi sanadikire kuti idule. Uthenga unandipeza mochedwa, milatho itasefukira, ndipo ndinafika ataikidwa kale m'manda.

Tsono munthu amene wachedwa pamaliro amafuna aoneke kuti wachitapo kanthu. Tikukonzekera zomanga chiliza chaka chotsatira, ndinawapempha a Esinati chithunzi chija.

"Akulu, ndipatseni ndikachiike mitundu. Tidzachionetse anthu pa tsiku la chiliza."

"Mitundu yanji iwe?" anandifunsa. "Amayi anavala zoyera ndi zakuda. Chithunzichi chili kale mmene analili tsiku limenelo."

Mwamva? Pa zithunzi zonse za m'dziko muno, chimodzi chokha chimene sichinkafuna dzanja langa n'chimene ndinachiumirira. Ndinakakamira mpaka anandipatsa, atachikulunga m'kansalu. Nditafika nacho kuno a Sakala anandichenjeza.

"Amake Luka, filimu ya chithunzi ichi inadyedwa ndi chiswe kalekale. Chikaonongeka palibe china."

Ndinawayankha kuti ndapaka zithunzi zambiri kuposa tsitsi limene latsala pamutu pawo. Paja ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Ndinayamba bwino. Udzu wa kumapazi ndinaupaka wobiriwira. Khoma la tchalitchi ndinalipatsa mtundu wa njerwa. M'mphepete mwa buku la nyimbo ndinadutsitsa kofiira pang'ono. Pamenepo chithunzi chinali chitakoma, ndipo munthu wanzeru akanatsuka bulashi n'kupita kukatola nkhuni. Koma ndinayang'ana nkhope ya amayi ili yotuwa pakati pa mitundu yonseyo, ndipo ndinaona ngati udzu ndaudzutsa koma iwo ndawasiya m'manda. Ndinati ndingokhudza milomo, kadontho kamodzi, ziziwoneka kuti magazi akuyenda.

Chithunzicho chinali chakale, chitafewa ndi thukuta la m'manja, pepala lili ndi timing'alu tosaoneka. Kadontho kaja kanapeza mng'alu n'kuyamba ulendo. Ndinatenga thonje lonyowa kuti ndipukute. Ana inu, mukalakwitsa chinthu, muziyamba mwakhala pansi manja ali m'khwapa. Ndinapukuta kamodzi, chofiira chinafika pamphuno. Ndinapukuta kachiwiri, chinafika m'maso. Mmene a Sakala ankalowa, nkhope yonse ya amayi inali itasanduka banga lofiira, pakati pake pali milomo ili psuu ngati ya atsikana a m'mabala. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Kenaka anatuluka kukapopa njinga imene sinali yophwa.

Pa tsiku la chiliza abale anasonkhana, ndipo mbiri inali itamveka kale kuti Firida akubwera ndi amayi ake a mitundu. Ndinawakokera a Esinati kuseri kwa nkhokwe n'kumasula kansalu kaja. Anachiyang'ana. Sanalire, sanakuwe. Ndikanakonda akanandimenya ngati mmene ankachitira amayi, bwenzi zitathera pomwepo.

"Amayi anakhala moyo wawo wonse osapaka kanthu pamilomo," anatero motsitsa mawu. "Iwe wadikira kuti afe ndiye uwapake."

"Akulu, dzanja linaterereka."

"Dzanja limenelo silinabwere kudzawatembenuza pamphasa miyezi isanu ija. Labwera ndi utoto."

 Anandibwezera chithunzi m'manja.

"Tengani, Amayi Sakala. Mukachisunge kwanu kutauni."

Inu mumaganiza kuti chilango chachikulu ndi kutukwanidwa. Ayi, ndi ulemu. Munthu amene anandibereka kumsana, amene ankanditchula kuti iwe chibadwire, kuyambira tsiku limenelo anayamba kundilemekeza. Tikakumana pamaliro kapena paukwati ankandigwadira pang'ono. "Mwayenda bwanji, Amayi Sakala? Kunyumba mwasiya ali bwanji?" N'kundiyalira mphasa yatsopano ngati mlendo wochokera ku boma, n'kundiikira ndiwo m'mbale yosungira abusa. Anthu ankati, taonani ana a mayi mmodzi kulemekezana kwake! Ine mtima ukupsa. Ndipo musaganize kuti ndinali nkhosa. Nanenso ndinaumitsa khosi, n'kumabweza ulemu womwewo, wanga wochita kuwonjeza. Tinalemekezana choncho zaka zoposa makumi atatu. Amati chibale ndi fupa, sichiwola. N'zoona, koma fupa limakhalanso pakhosi.

Chithunzi ndinachiika mu envulopu, pansi penipeni pa sutikesi. Ndipo chondiseketsa lero n'chakuti sipanapite zaka zambiri, kunabwera filimu ya mitundu. Anthu anayamba kutumiza zithunzi ku Chipata, n'kumabwera nazo zili ndi mitundu yake yeniyeni, popanda Amayi Sakala. Timabotolo tanga tinaumira pashelefu. Jekete lija linakhala lotuwa monga linabadwira, mpaka a Sakala anayamba kupita nalo kumunda. Kachipinda kaja tinakasiya, lero mukumetedwa anthu. Tinabwerera ku khasu, chimanga ndi mtedza, thonje chaka chikakoma. Ambuya anu aamuna atamwalira, a Esinati anabwera. Anaphika masiku atatu osakhala pansi, anandisambitsa, anandimeta. Pochoka anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pepani, Amayi Sakala."

Tsopano tifike kwa mkulu wanu Thoko, mwana wa Luka, uja amajambula maukwati ku Lusaka. Chaka chatha m'nyengo yozizira anabwera kudzakhala nane sabata ziwiri, pakhosi pali kamera yaikulu ngati mwana wa mbuzi. Anati akufuna andijambule. Ndinasamba, ndinadzola, ndinavala chitenje changa cha pa Khirisimasi, chachikasu ndi chobiriwira chija. Nditatuluka anandiyang'ana n'kukwinya nkhope.

"Ambuya, bwererani mukavale chija munavala m'mawa."

"Chakumunda?"

"Chomwecho. Ndipo mafuta mwachulutsa, mukunyezimira."

Anandikhazika pakhomo, theka la nkhope kunja, theka m'nyumba. Nditati ndisendere padzuwa kuti ndioneke bwino anakuwa, "Ayi ambuya, padzuwa maso alowa m'maenje!" Ndinachita kutembenuka kuona ngati a Sakala adzuka. Magazi sanama.

Anadina, anadina, mwina makumi asanu, filimu osatha. Kenaka anandionetsa pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera. Ana inu! Nkhalamba yakuda ndi yoyera, makwinya onse atafola ngati mizere ya m'munda, palibe ndi limodzi lomwe lojomba.

"Yawonongeka kamera yako," ndinatero.

"Sinawonongeke, ambuya. Ndaisetera dala. Mitundu ilimo mkati, koma ndaiuza kuti isaonetse. Mitundu imasokosera. Ukaichotsa munthu amayang'ana laiti ndi mthunzi basi, ndiye nkhope imaoneka."

"Bambo ako anagulitsa ng'ombe kuti ukaphunzire zimenezi?"

Anaseka, ine sindinaseke. Ndinamuuza kuti ine ndinathera maso ndi nthenga ya nkhunda kuika mitundu pamene panalibe, iye wagula makina odula kuti aichotse pamene ilipo. Anati ku Lusaka anthu amalipira zambiri chikakhala chakuda ndi choyera. Ndinati ndiye kuti ine ndi ambuya ake aamuna tinali olemera osadziwa.

Atamva zimenezo anafuna aone zithunzi zakale za ambuya ake. Tinatsitsa sutikesi. Anaona jekete lija m'mitundu yake yonse, anaona ukwati wa makolo ake, kenaka dzanja lake linafika pansi penipeni ine ndisanaliletse.

"Awa ndani anapsa nkhope?"

Ndinamuuza zonse, monga ndikukuuzirani inu. Sanaseke. Anapita nacho pazenera, anachipendeketsa uku ndi uku.

"Ambuya, utoto wanu uli pamwamba chabe. Nkhope ili pansi pake. Ndiloleni ndiyese."

"Usachikhudze! Chinakhudzidwa kale mokwanira."

"Sindichikhudza. Ndingochijambula."

Anachigoneka patebulo pakhonde, mumthunzi, n'kuimika kamera pamwamba pake pa choimikira cha miyendo itatu. Getsi lake lothwanima analizimitsa, ati lichititsa pepala kunyezimira. Anadina. Pa kagalasi panatuluka amayi akuda ndi oyera, koma pankhope pali banga lakuda bii, loipa kuposa lofiira lija. Mtima wanga unabwerera pamalo pake, paja tsoka ukalizolowera limakhala ngati mnansi.

"Dikirani," anatero Thoko, chala chikuyenda pa timabatani. "Kamera iyi ili ndi mafilita mkati. Ndikaiuza kuti iyang'ane ngati yavala magalasi ofiira, chilichonse chofiira imachiona ngati choyera."

Anadinanso n'kunditembenuzira kagalasi. Amayi anali akundiyang'ana. Maso aja, tsinya lija lofunsa kuti madzi watunga kapena ayi, milomo yotsekedwa yopanda kanthu. Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo. Zaka zonse zija amayi analipo pansi pa utoto wanga, akungodikira munthu woyang'ana ndi maso ena.

Pa tsaya panatsala kachipsera pamene thonje langa linakanda pepala. Thoko anati kameneko akakafufuta pa kompyuta, n'kuwongolanso apa ndi apo.

"Iwe," ndinatero, "nanenso ndinayamba ndi apa ndi apo. Chisiye."

Anakachisindikiza ku Chipata, chachikulu, papepala lolimba. Ndi chimene chili kumanzere apocho. Tsono chitabwera, nkhani inakhala yopita nacho ku Vubwi. Tinali titamva kuti a Esinati miyendo yatupa, sakuyenda bwino. Ine ndinapeza zifukwa. Mtedza sunaume. Nkhuku ikufungatira. Msana. Ndinkaopa, ana inu. Ndinkati nanga akachiyang'ana n'kunena kuti "Zikomo, Amayi Sakala," ndidzatsala ndi chiyani? Malinga chili m'nyumba mwanga, ndinali ndi chiyembekezo. Tsiku lachisanu Thoko anaima pakhomo chikwama chili paphewa.

"Ambuya, mukudikira kuti mvula idulenso?"

Mwana wopanda mwambo. Ndinavala nsapato.

Ulendo umene a Sakala ankapalasa masiku awiri tinauyenda m'mawa umodzi, kudzera ku Chadiza, fumbi lili m'mano. Vubwi ndinachita kufunsa ngati ndi yemweyo, maofesi, njinga zamoto zonyamula matumba kupita kumalire, atsikana ogulitsa mayunitsi pansi pa maambulera. Koma phiri la kuseri kwa mudzi wathu silinasunthe. Tinafika dzuwa lili pamutu, n'kuwapeza a Esinati pakhonde, miyendo ili pa kampando, ndodo pambali. Anali atachepa ngati mwana.

"Takulandirani, Amayi Sakala," anatero, n'kuitana mpongozi wawo kuti abweretse mpando wa alendo.

Mpandowo ndinausiya. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, n'kuwaika envulopu yaikulu pamiyendo.  Anaitanitsa magalasi awo omanga ndi ulusi, anasolola chithunzi, n'kuchiyang'anitsitsa. Chala chawo chinayenda pa mpango, pa buku la nyimbo, n'kudzaima pankhope.

"Ankanama," anatero. "Mphuno ndi yawo."

Anachisendeza kufupi ndi maso, anachitalikitsanso.

"Koma Firida, iwe. Kamwana aka ndiye kankatimenya?"

Ndinadzuka n'kuyang'ana nawo. Zoonadi. Ine masiku onse aja ndinkaona amayi, koma pa pepalapo panali mtsikana, khosi losalala, wamng'ono kuposa Luka wanga. Nkhalamba ziwiri za mano owerengeka tinkanjenjemera pamaso pa mwana woti tikanamutuma kukatunga madzi.

"Taona timanja," anatero a Esinati. "Timeneti ndi timene tinandithamangitsa mpaka kudambo chifukwa cha mphika?"

Tinaseka mpaka kutsokomola, ndipo pamene kuseka kunasandukira kulira sindikudziwa. Mpongozi anabwera ndi madzi, anaima, anabwerera nawo. Nditapeza mpweya ndinati, "Akulu, miyezi isanu ija ndinalakwa." Anandiyankha kuti, "Unalakwadi," n'kundipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje chawo, mokhula ngati akutsuka mphika.

Kenaka anafunsa, "Chija unawononga chili kuti?"

Ndinali nditachitenga, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinachitulutsa m'chikwama manyazi ali tho. Anaika ziwirizo pamiyendo, choyera uku, chofiira uku.

"Chachikuluchi ubwerere nacho. Ine nditsala ndi ichi."

"Akulu, chimenecho n'choonongeka. Chabwinochi ndabweretsera inu."

"Chabwinocho chatuluka m'makina dzana. Ichi amayi anachigwira ndi manja awo, chinkapita nawo kutchalitchi." Anachitembenuza n'kundionetsa kumbuyo, pamene panali mabanga a zala. "Komanso ndikamachiyang'ana ndizikumbukira kuti ndili ndi mng'ono wopusa. Ndinatsala pang'ono kuiwala."

Taonani tsono. Zaka makumi atatu tikudana chifukwa cha chithunzi chofiira, mwana wayenda mpaka ku Chipata kuchiyeretsa, mwini mlandu n'kusankha chofiira chomwecho.

Thoko nthawi yonseyi anali pambali, kamera ili pamiyendo, ndipo ndimamuyamikira kuti sanadine tikulira. Atapempha kuti atijambule awirife, a Esinati anati adikire. Analowa m'nyumba akutsimphina, n'kutuluka atavala chitenje chatsopano cha maluwa abuluu. Thoko anatikhazika mumthunzi wa mango, anadina, n'kuwaonetsa.

"Maluwa anga ali kuti?"

"Ambuya, ndi sitayilo. Chakuda ndi choyera chimaoneka bwino."

"Zakuda ndi zoyera n'za akufa. Ine ndikadalipo. Bweza maluwa anga."

Ndiye mwana wa sukulu za ku Lusaka anadina timabatani take, mitundu n'kubwerera, a Esinati n'kugwedeza mutu kuti tsopano kamera yachira. Anasindikiza ziwiri. Cha maluwa abuluu chili ku Vubwi. Changa, chakuda ndi choyera, ndi icho chili kumanjako, ndipo mukayang'anitsitsa muona kuti dzanja lawo landitsina pa mkono, ati ndinkakhala mopindika.

Tinagona masiku anayi. Tsiku lonyamuka anakakamira kutiperekeza mpaka pamsewu, munthu amene ana ake ankati sanadutse pa nkhokwe miyezi itatu. Tinayenda pang'onopang'ono, ndodo kutsogolo, ife pambuyo. Galimoto itaima anandikankhira kathumba ka ufa wa mawere m'manja.

"Udzabwerenso, iwe. Koma utoto udzausiye ku Katete."

Ndinapitanso mvula itayamba, ndipo tsiku lachiwiri tinakangana kwambiri pa za mchere wa m'ndiwo, mpaka anandinena kuti ndine chitsiru pamaso pa mpongozi wawo. Ndinabwerako mtima uli mbee. Mwezi wamawa mundiperekeze, nkhani ya mchere ija sinathe.